Zikumbu za nyanga zazitali, ndi phiri lomwe tinalisesa

Imelo inalowa Lachiwiri usiku magetsi atangoyaka. Yachokera kwa chemwali wina wa ku Chilomoni amene ali pa koleji, ndipo akufufuza zikumbu za nyanga zazitali, zija mphutsi zake zimaboola mitengo. Wakwera Michiru kawiri, wapezako mitundu ingapo. Wakwera Ndirande tsiku lathunthu, wabwerako chimanjamanja. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndikulakwitsa kasakidwe, kapena ndingosintha mutu wa kafukufuku monga akundiuzira anzanga?"

Achemwali, ndinawerenga kawiri, kenako ndinatuluka kukaima pakhonde. Ine kwathu ndi ku Ndirande konkuno, phirilo ndimaliona tsiku lililonse ndikamatsuka mkamwa. Vuto lalikulu si kasakidwe kanu. Zikumbu mukuzifunazo ndikudziwa kumene zinapita, chifukwa zina mwa izo ndinazisenza pamutu ine ndemwe.

Anthu obadwa posachedwapa amaganiza kuti Ndirande linalengedwa ndi dazi. Ayi ndithu. Ndili mwana phirilo linali bii, m'munsi paini ndi bulugama wa boma, m'makhwawa ndi chakumtunda mitengo yachilengedwe, anyani akulira m'matanthwe. Zinthu zitasintha mu 1994, kunabuka kamnenedwe kakuti tsopano ndi ufulu, phiri ndi la tonse. Mayi anga ankakazinga mandasi, ndipo mandasi amadya nkhuni kuposa mmene anthu amaganizira. Choncho Loweruka lililonse m'bandakucha ine ndi achimwene anga tinkakwera, iwo nkhwangwa paphewa, ine nkhata m'manja. Poyamba tinkangotola zouma. Zouma zitatha tinayamba kugwetsa yaiwisi n'kuisiya iume. Kenaka zosiyazo zinatha, chifukwa ukasiya mawa upeza wina watenga. Pomaliza anthu ankakumba ndi zitsa zomwe. Sindikunena izi kuti ndidzudzule mayi anga. Fizi yanga inachokera m'chiwaya chimenecho.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi powaza. Ukamenya nkhwangwa pa chipika chomwe chakhalitsa pansi, chimang'ambika n'kuonetsa njira zokhotakhota zodzaza utuchi wothinana ngati wina anachita kuusindira ndi chala. Kumapeto kwa njirayo umapeza mwini wake: mphutsi yonenepa ngati chala chachikulu, yoyera ngati mkati mwa buledi, yotambalala kuseri kwa mutu, yopanda miyendo yooneka, kukamwa kuli timano takuda. Tinkaponyera nkhuku, izo n'kumalimbirana. Usiku kukakhala zii, mulu wa nkhuni kuseri kwa khitchini unkamveka kuti kheche, kheche, kheche. Achimwene ankandiopseza kuti ndi mizimu ya m'phiri yatsatira mitengo yake. Inali mphutsi, ikudya.

Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, chimodzi chinatuluka m'mulumo chitakhwima. Chotuwa ngati khungwa, nyanga ziwiri zitalizitali zopinda kumbuyo kupitirira thupi lake. Nditachigwira chinalira, tswii, tswii, ndipo ndinatsala pang'ono kuchitaya. Patapita zaka zambiri ndi pamene ndinadziwa kuti sichilira ndi pakamwa, chimakhuza khosi lake pa msana. Chinandiluma chala mpaka magazi. Ndinachiika m'chitini cha majarini n'kupita nacho kusukulu kuti aphunzitsi andiuze dzina. Anachitaya pawindo, kalasi yonse ikuseka, n'kundifunsa kuti, "Ukadzakula udzadya tizilombo?" Lero ndili ndi imvi, koma pomwe ndinawerenga zakuti anzanu akuti musinthe mutu, ndinamva fungo la choko la m'kalasi muja. Ndiye mundikhululukire ngati ndikulankhula motentha.

Musasinthe. Mwamva? Musasinthe.

Zikumbuzi akatswiri amazitcha Cerambycidae, ndipo mitundu yomwe inalembedwa kale padziko lonse ndi yoposa 35,000. Chachikulu kwambiri, cha ku nkhalango ya Amazon, chimapitirira masentimita 16, pomwe tina ndi tating'ono ngati njere ya mpunga. Koma moyo wake ndi umodzimodzi pafupifupi zonse. Chachikazi chimaikira mazira m'ming'alu ya khungwa, kapena chimayamba chatema kabala ndi mano ake. Mphutsi imadya kunsi kwa khungwa kenaka n'kulowa mkati mwa thunthu, ndipo imakhala mmenemo miyezi, mitundu ina zaka ziwiri kapena zitatu. Chikumbu chouluka chimene mukuchisakacho ndi kanthawi kochepa chabe ka kumapeto, masabata owerengeka oti chikwatane n'kuikira mazira. Tsono taganizani: chamoyo chofuna kuti chipika chigone malo amodzi zaka ziwiri osasunthidwa, chingakhale bwanji pa phiri lomwe kamtengo kakagwa m'mawa, masana kali pa mafuwa?

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri okonda zachilengedwe. Timalira mitengo yamoyo, koma palibe amene amalira mitengo yakufa. Munthu wotola nkhuni zouma timamuona ngati wosalakwa, mwinanso wothandiza, akuyeretsa nkhalango. Koma mtengo wakufa ndi mudzi. Mphutsi ikaboola, madzi amalowa, bowa amalowa, chiswe chimatsatira, gogomole amabwera kudzagogoda kufuna mphutsiyo, mphako yomwe wasiya mumalowa mbalame ina, ndipo pamapeto pake chipika chija chimasanduka dothi lakuda lofewa lija limamwa mvula. Nkhalango yosesedwa ngati bwalo la apongozi ndi nkhalango yodwala, ngakhale itaoneka yobiriwira pa chithunzi.

Kuli nkhani ya mzungu wina wofufuza zachilengedwe, Alfred Russel Wallace, yomwe imandisekesa ndi kundipweteka nthawi imodzi. Mu 1854 anakhala pa kaphiri ka Bukit Timah ku Singapore, ndipo m'miyezi iwiri yokha anasonkhanitsa mitundu ya zikumbu pafupifupi 700, mwa iyo 130 inali ya nyanga zazitali. Iye mwini anati mwayiwo unabwera chifukwa cha anthu ocheka matabwa omwe ankagwetsa mitengo m'nkhalangomo n'kusiya nthambi, makungwa ndi utuchi zikuwola. Mwaona? Nkhwangwa payokha si imene imathamangitsa zikumbu. Ocheka aja ankatenga thunthu n'kusiya zotsala, nkhalango ili chiimire mozungulira. Ife tinatenga thunthu, nthambi, khungwa, chitsa, ndi masamba omwe tinatentha pofuna mbewa.

Ndipo musandiuze za kudzala mitengo. Chaka chilichonse dzinja likafika timaona mabwana atavala magambuti atsopano, khasu m'manja, akujambulitsa pa kambande ka bulugama. Sindidana ndi bulugama, denga langa lagona pa milimo yake. Koma ndi mlendo wochokera ku Australia, ndipo zikumbu zambiri za kuno sizimudziwa. Zambiri zili ndi mitengo yake yomwe zinazolowera, china mkuyu, china msuku, china mitengo ya m'gulu la tsamba ndi mombo. Choseketsa n'chakuti bulugamayo ali ndi chikumbu chake chomwe chinamutsatira kuchokera kwawo, Phoracantha, chomwe chinafika kum'mwera kwa Africa kalekale ndipo chimakonda mitengo yofooka ndi chilala. Ndiye mukadzala mtundu umodzi phiri lonse, mwaitana mlendo ndi mlendo mnzake, eni mudzi kulibe. Munda wa mapolo tiziutcha munda wa mapolo. Si nkhalango.

Za Soche sindifuna kunena zambiri. Tonse tinaona zomwe zinatsika m'phiri lija kupita ku Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo ndinataya anthu owadziwa. Sindikunena kuti zikumbu zikanaletsa matope, mvula ija inali yoopsa. Ndikungoti phiri limayamba kutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe palibe akuwerenga, anthu asanayambe kuwerenga maliro.

Ndisakometsenso mopitiriza, pakuti alimi a khofi akhoza kundigenda. Kumpoto, ku Misuku ndi madera ena a khofi, muli chikumbu cha banja lomweli, Monochamus leuconotus, chotuwa moyererako, chomwe mphutsi yake imadya khungwa mozungulira tsinde kenaka n'kulowa mkati, mtengo n'kuchita chikasu mpaka kuuma. Alimi amachita kutokosa ndi waya m'mabowo, ndipo mtengo ukagwidwa kwambiri amazula n'kutentha. Ku America nako, china chochokera ku China chinapezeka ku New York mu 1996 chitabwera m'matabwa opakiramo katundu, ndipo anagwetsa mitengo masauzande pofuna kuchithetsa. Koma zoononga mitengo yamoyo ndi zochepa m'banjali. Zambiri zimadikira mtengo udwale kapena ufe. Komanso tija timafumbwitsa nsungwi ndi mipando, totulutsa ufa wosalala pa timabowo ngati ta singano, si timeneti, ndi banja lina. Anthu amangophatikiza zonse n'kuti "kachilombo", ndipo zimandinyansa, poti agogo anga ankatchula bowa mtundu uliwonse ndi dzina lake koma ife adzukulu tatsala ndi mawu amodzi a chilichonse chokwawa.

Zimakhala pati m'phirimo

Phiri si malo amodzi, ndi malo angapo osanjikizana. Mukamakwera Michiru mumadutsa m'thengo la masuku ndi mitengo ina yoyoyola masamba m'chilimwe, lowala dzuwa mpaka pansi, kenaka mumatsikira m'khwawa momwe muli chinyontho ndi mitengo italiitali yosayoyola, kenaka mumatulukira pa udzu ndi miyala. Malo aliwonsewa ali ndi zikumbu zake, ndipo mukasakaniza zonse m'botolo limodzi n'kulemba kuti "Michiru", mwataya theka la nkhani. Kawirikawiri mitundu imachuluka kumene mitengo ili yamitundumitundu ndiponso kotentherako, m'munsi ndi pakati pa phiri, ndipo imacheperachepera mukamakwera kozizira. Koma zochepa za pamwambazo nthawi zambiri ndi zomwe simungazipeze pansi. Mapiri athu a mu Blantyre ndi aafupi, onse sadutsa mamita 2,000, ndiye kusiyana kwa kutalika sikuoneka kwambiri ngati kusiyana kwa mitengo. Kuti muone bwino za kutalika muyenera Mulanje, komwe mumayambira m'minda ya tiyi, kudutsa m'nkhalango za m'zigwa, kufika kumtunda kwa mkungudza, Sapitwa ali pamwamba pa mamita 3,002. Mkungudzawo, mtengo wa fuko lathu, nawo wathera m'macheka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina ndisanayambenso kupsa mtima.

Chinanso chomwe ndinachiona mochedwa: chipika cha padzuwa ndi chipika cha pamthunzi si chimodzi, ngakhale zitachokera mu mtengo umodzi. M'mphepete mwa nkhalango ndi pamalo pomwe mtengo waukulu unagwa n'kutsegula denga ndi pomwe pamakhala piringupiringu. Zikumbu zina zimayenda masana pa maluwa, zamawangamawanga achikasu ndi akuda ngati mavu kuti mbalame ziziope. Zambiri ndi zausiku. Ndikuganiza kuti inu munakwera masana, mwinanso mwezi wozizira, chifukwa imelo yanu sinatchule tochi.

Ndiye yankho ndi ili, achemwali. Pitani mvula yoyamba ikagwa, Novembala mpaka Januwale. Pemphani chilolezo ku ofesi ya nkhalango ndipo mutenge mlonda wa konko, usiku musayende nokha. Pachikani nsalu yoyera, muunike ndi nyali yowala kuyambira chisisira. Masana yalani nsaluyo pansi pa nthambi zouma n'kuzigwedeza ndi ndodo. Tengani tizipika tingapo tamabowo, mulembe mtundu wa mtengo ndi malo, mutsekere m'ndowa yophimba ndi neti, mudikire chomwe chituluke. Njira imeneyi ndi yochedwa koma ndi yokhayo yokuuzani kuti chikumbu chiti chimadya mtengo uti. Ku Ndirande bwereraniko, muchite zomwezo, maola ofanana, ndipo ziro mukampeza mumulembe, pamodzi ndi kuchuluka kwa mitengo yakufa yomwe mwaiona pa mayadi 100 alionse. Pa mayina kafunseni ku Museum ya ku Chichiri kapena ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango ku Zomba.

Mukabwera mbali ino mundiuze, ndidzakulozerani khwawa lomwe tinkatolamo zipika zija, patsala mikuyu iwiri pakati pa miyala pomwe nkhwangwa zinalephera kufika. Ndipo pogwira muzigwira pamsana, kuseri kwa mutu. Chipsera changa chikadalipo.