Pepala la majakisoni a IVF: lembani nokha, musapulinte lodzaza kale

Asisi amene mwafunsa za pepala loti mupulinte kuti muzisunga bwino majakisoni mukapita ku Johannesburg kukayamba IVF (chithandizo chokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi kuti mayi atenge pakati), ine ndiyankhapo za pepalalo ndi za furiji basi.

Mapepala amaluwamaluwa amene anthu akukutumiziraniwo ambiri ndi a ku America. Saizi yake si A4, ndiye populinta m'mbali mumatha kuduka. Deti amayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Mayina ena a mankhwala ndi osiyananso: iwo amalemba Ovidrel ndi Follistim, inu ku South Africa pabokosi mudzaona Ovitrelle ndi Puregon. Munthu uli kale ndi nkhawa, usiku singano ili m'manja, si nthawi yoyamba kumasulira mayina.

Tengani pepala wamba la A4, jambulani mizere ndi rula: tsiku, nthawi, dzina la mankhwala, mlingo, mbali ya mimba yomwe mwabaya, ndi otsala. Mukapange fotokope masamba angapo, ndalama yake ndi yochepa. Pa mlingo pasiyeni popanda kanthu. Mlingo umasintha. Mumapita ku sikani pakadutsa masiku awiri kapena atatu, amakutenganinso magazi, kenako masana anesi amaimba foni kuti lero Gonal-f mutsitse kuchoka pa 225 kufika pa 150, kapena kuti mawa muyambe Cetrotide. Lembani pomwepo foni ili kukhutu, muwawerengerenso zomwe mwalembazo kuti avomereze.

Mzere wa otsala ndiwo anthu amaunyoza, koma ndiwo wofunika kwambiri. Peni ya Gonal-f (jakisoni wooneka ngati cholembera, wokhala kale ndi mankhwala mkati) imabwera ya mayuniti 300, 450 kapena 900. Ngati mukubaya 225 patsiku, ya 900 ndi masiku anayi yatha. Ya 300 mukabaya kamodzi mwatsala 75, mawa lake mudzibaya kawiri kuti mlingo ukwane. Mankhwalawa simungangowapeza pa famase iliyonse ya pakona, ndiye akakutherani Loweruka usiku mwagwira njakata. Lachinayi lililonse werengani ngati akufikitsani Lolemba.

Tsopano furiji, apa mundimvetsere bwino. Ine ndinkagona pa loji ina yokhala ndi kafuriji kakang'ono kam'chipinda, kosungiramo zakumwa kaja. Wokonza m'chipinda anaona ngati sikakuzizira, n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto. Madzulo ndikutsegula, botolo la madzi lauma gwa, peni yanga yosayamba n'komwe yamatirira kukhoma lakumbuyo, bokosi lake lachita chipale cha ayisi. Anesi anangoti itayeni, mankhwala amenewa akaundana ntchito yatha. Ma rand masauzande angapo anapita choncho, ndipo tinazungulira tauni ndi takisi kusaka ina nthawi yobaya isanadutse. Ndiye gulani kathemomita ka mufuriji, n'kotchipa. Pazikhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mankhwala aikeni m'kontena ya pulasitiki yotseka, pashelefu yapakati, osakhudza khoma lakumbuyo, osatinso pachitseko. Matani kapepala pafurijipo kuti wina asagwire batani. Mukhalenso ndi kula bokosi ndi timapaketi ta ayisi podikira tsiku lomwe magetsi adzazime, koma kulungani ayisiyo ndi kathaulo kuti asagundane ndi mankhwala.

Si onse a mufuriji. Menopur wa timabotolo ta 75, waufa uja, amakhala panja bola pamalo posapitirira madigiri 25. Muziwerenga pabokosi la mankhwala alionse, ndipo papepala lanu ikani chizindikiro chofiira pa onse a mufuriji.

Menopur yemweyo ali ndi singano ziwiri: yaikulu yosakanizira ufa ndi madzi, ndi yaing'ono yobayira. Zisiyanitseni m'timapepala tapulasitiki tiwiri, mulembepo ndi maka. Thonje ndi sipiriti zawo zokha. Pobaya muzitalikira zala ziwiri kuchokera pamchombo, lero kumanja mawa kumanzere, apo ayi mimba imachita mabala akuda.

Jakisoni womaliza wokhwimitsa mazira, amene amati trigger, asakhale pamndandanda umodzi ndi anzake. Mpatseni pepala lakelake, zilembo zikuluzikulu, mumate pachitseko. Amabayidwa maola pafupifupi 36 asanachotse mazira, ndiye akati Lolemba 9 koloko usiku, ndiye kuti Lachitatu 9 koloko m'mawa muli pabedi. Apa palibe zoti ndimaliza kaye kudya. Tcherani alamu pa foni yanu ndi ya abambo akunyumba, ndipo zikasokonekera imbani kuchipatala nthawi yomweyo, musaganize nokha zochita. Mwayi wanu nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi. Amene mukupita ku India samalani, kumeneko ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

Amene mwati zonsezi n'zachikale, pali ma app, chabwino, koma foni imatha moto ndipo abambo sangachonge pa foni yomwe ili m'chikwama mwanu. Amene mwati awonjezere ndi zitsamba za agogo, chonde tiyeni tisasokoneze mnzathu, chilichonse chomwa adziwe kaye dokotala wake.

Singano zogwiritsa kale ntchito musataye m'bini ya pa loji, zimabaya okonza. Pemphani bokosi lotayamo singano kuchipatala. Ngati mubwerere kumudzi ndi mankhwala ena, pemphaninso kalata ya dokotala, ndipo muwanyamule m'chikwama cham'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege.

Pamwamba penipeni pa pepalalo lembani nambala ya chipatala yoimba usiku. Mimba ikatupa kwambiri, mukamapuma movutikira, kusanza, kapena mkodzo ukachepa, makamaka atachotsa mazira, imbani osadikira kuti kuche.