Bwanji aphunzitsi anakana PbI?

Mtsikana wina wa Giredi 12 wa ku Chawama wandilembera imelo. Akuti anasakaniza lead nitrate ndi potassium iodide, m'chubu munatuluka zinthu zachikasu, koma equation inakana kufanana mbali zonse. Ndiye anafufuta 2 wamng'ono wa pa PbI2, yemwe ndi lead iodide, zachikasu zija, n'kulemba PbI. Aphunzitsi anamupatsa ziro, ndipo akufunsa kuti walakwa chiyani poti manambala anafanana.

Mwana wanga, aphunzitsi sanakulakwire. Vuto limeneli limandipweteka mtima chifukwa ana ambiri amaloweza equation ngati nyimbo osadziwa chimene nambala iliyonse ikunena. Kanambala kam'munsi ndi mbali ya dzina la chinthucho. Lead ali ndi chaji ya 2+, iodide ali ndi 1-, choncho lead mmodzi amafuna ma iodide awiri. Ukalemba PbI walemba chinthu chimene mulibe m'chubu chako. Umaloledwa kusintha nambala yaikulu yakutsogolo yokha basi.

Ndipo ine ndimakana kuti mwana ayambe ndi manambala asanadziwe chimene chimasungunuka m'madzi ndi chimene chimadikha pansi. Ma nitrate onse amasungunuka. Mchere uliwonse wa sodium, potassium ndi ammonium umasungunukanso. Ma chloride amasungunuka kupatula a silver ndi lead. Pa ma sulfate, barium ndi lead amakana, calcium amasungunuka pang'ono chabe. Ma carbonate ambiri sasungunuka.

Zimenezi tili nazo m'khitchini muno mu Lusaka. Mzinda wathu wakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake ku Chilanga kuli fakitale ya simenti. Madzi a m'zitsime amatenga calcium hydrogencarbonate m'miyalamo. Ukawiritsa, Ca(HCO3)2 amasweka n'kukhala CaCO3, madzi ndi mpweya wa CO2. Suzumira m'ketulo ya kwanu, uona zoyera zolimba zitamatirira pansi ngati nkhoko za m'poto wa nsima. Imeneyo ndi precipitate, kutanthauza cholimba chosasungunuka chimene chimapangika m'madzi n'kudikha pansi. Thiramo viniga, uona tithovu tikutuluka, zoyerazo n'kuyamba kusungunuka. Sopo akamakana kuchita thovu, n'chifukwa cha calcium yemweyo.

Choncho mu labu usatsukire chubu ndi madzi apampopi n'kusiya choncho. Ukathira silver nitrate poyesa ngati muli chloride, madziwo amachita mbuu, iwe n'kulemba kuti wapeza chloride pomwe wachokera kumpopi. Tsukuluza ndi distilled water, madzi ochotsedwa mchere wonse. Ndipo usanathire silver nitrate, yamba wathira nitric acid pang'ono, wochepetsedwa mphamvu ndi madzi, kuti achotse carbonate. Hydrochloric acid ayi, chifukwa iyeyo amabwera ndi chloride wake.

Yankho lako

Pb(NO3)2(aq) + 2KI(aq) → PbI2(s) + 2KNO3(aq)

Apa (aq) akutanthauza chosungunuka m'madzi, (s) akutanthauza cholimba. Werenga NO3, yemwe ndi nitrate, ngati chinthu chimodzi, usamugawe. Potassium ndi nitrate amangokhala m'madzimo osachita kanthu, ndiye ukawachotsa patsala Pb2+(aq) + 2I-(aq) → PbI2(s). Ngati madzi a lead nitrate ndi a potassium iodide onse ali ndi mphamvu ya 0.1 mol/dm3, pa 10 cm3 ya lead nitrate uthire 20 cm3 ya potassium iodide. Sefa, tsuka zachikasuzo ndi distilled water wozizira, uziumitse pakati pa mapepala osefera. Madzi otentha amazisungunula, ndipo akamazizira zimabwerera ngati timiyala tagolide tonyezimira. Lead ndi poizoni, zotsala usazithire musinki, upatse aphunzitsi, kenako usambe m'manja.