Za Capri ya ku Benoni ija

Achimwene, mwafunsa ngati n'chanzeru kugula Ford Capri yomwe yakhala m'galaja mwa abwana anu ku Benoni zaka khumi osaliza, muikonze kenako muigulitse. Ine ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto kuno ku Booysens, ndiye ndikuuzani zomwe manja angawa agwirapo.

Boneti isiyeni kaye, yambani ndi mapepala. Abwanawo akuonetseni pepala la NaTIS, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge nokha pagalimotopo, muone ngati zikugwirizana ndi zolembedwazo. Funsaninso ngati laisensi inkalipiridwa zaka zonsezi, chifukwa ngongoleyo imakula ndi chindapusa chake, ndipo mugwirizane msanga kuti alipira ndani. Onaninso code. Galimoto yolembedwa Code 3, kutanthauza kuti inachita kumangidwanso, ogula odziwa amaithawa kapena kutsitsa mtengo mpaka mulire. Ife obwera, opanda ID ya kuno, timafunikanso Traffic Register Number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lathu, ndipo lamulo limapereka masiku 21 osinthira umwini. Musayerekeze kuilembetsa m'dzina la mnzanu ati poti iye ali ndi mapepala abwino. Ine ndinagwa nazo zimenezi. Ndinakonza galimoto miyezi isanu ndi itatu, tsiku logulitsa mwini dzina anali atakwera basi ya ku Mangochi, foni osayankha. Inagona pabwalo chaka china chathunthu, matalala a mu Novembala n'kuibowolera boneti yomwe ndinapenta ndekha.

Tsopano, Capri yake ndi iti? Apa ndi pomwe pagona nkhani. Ilipo ya injini yaing'ono ya 1600, ilipo ya V6 ya malita atatu, ndiye pali Perana, yomwe Basil Green ankapanga konkuno ku Joni kuyambira 1970 poika injini ya V8 ya malita asanu. Zimenezo anapanga pafupifupi 500 zokha, n'chifukwa chake anthu amazilimbirana. Koma chenjerani, ambiri anaika V8 mu Capri wamba n'kumata mabaji. Baji ngakhale mwana angamate. Ngati abwana akuti ndi Perana, pezani munthu wa ku kalabu ya magalimoto akale adzaione. Amakumana ku Modderfontein, a Piston Ring aja, ndipo azigogo amenewo akangosuzumira m'boneti amadziwa.

Mwayi wanu ndi woti galimoto yokulira kuno kumtunda sichita dzimbiri ngati ya ku Durban yomwe imapuma mphepo ya mchere. Komabe tengani maginito, mukulunge kansalu, muyendetse m'munsi mwa zitseko, m'mbali mwa galasi lakutsogolo, pamwamba pa mashoko ndi pansi pa batire. Pomwe maginito akukana kumata, dziwani kuti wina anabisapo bowo ndi fila. Kuwotcherera zitsulo n'komwe kumadya ndalama, osati injini.

Injiniyo musailize tsiku loyamba, ngakhale mtima ukufuna. Tsitsani petulo wakale, sinthani oyilo, chotsani mapulagi, muipukuse kaye ndi dzanja. Ngati ndi V6 ija, giya yake ya timing ili ndi mano ofewa omwe amagumuka akakalamba, isintheni isanakuchititseni manyazi pa N12. Mabuleki, mapaipi a madzi ndi matayala, zonsezo n'zatsopano basi, palibe zokambirana.

Pomwe abale athu ambiri amalakwitsa ndi pokongoletsa. Amafuna marimu onyezimira, magalasi akuda, masipika ogwedeza msewu wonse. Wogula galimoto ya mtundu uwu safuna zimenezo. Iye akufuna galimoto yomwe ankaisirira ali mnyamata, ya mtundu womwe inatuluka nawo ku fakitale, siteringi yake yomweyo, ngakhale wailesi yakale yosagwira ija. Chilichonse chomwe mwamasula muike m'katoni, musataye ngakhale kabawuti. Jambulani zithunzi ntchito ili mkati, malisiti onse musunge mufayilo. Munthu akaona chithunzi cha chitsulo chisanapentedwe sakunenereraninso kwambiri.

Ndikuuzeni moona ngati m'bale: ngati mulibe malo ofolera oti galimoto ikhalemo chaka, komanso ngati ndalama zake ndi zomwe mumatumiza kumudzi, musaikonze yonse. Igwireni mapepala akhale bwino, ilire, muitsuke, ipeze roadworthy ngati zingatheke, n'kuigulitsa momwemo kwa wofuna kudzikonzera yekha. Phindu lake ndi lochepa, koma mumaligwira m'manja. Pogulitsapo musapereke makiyi chifukwa cha meseji yoti ndalama zatumizidwa, mameseji abodza adzaza Joni muno. Dikirani zioneke mu akaunti yanu.

Nditumizireni ku inbox zithunzi za m'boneti ndi za kachitsulo kolembedwa manambala kaja. Loweruka ndikaweruka masana ndikhoza kudzera ku Benoni ndi maginito anga.