Laputopu ikamagona pakati pa kujambula mu situdiyo

Mwa amene amawerenga kuno, wina yemwe ali ndi situdiyo ya zithunzi wandilembera imelo. Akuti amalumikiza kamera ya Canon ku laputopu ya Windows ndi chingwe cha USB kuti chithunzi chilichonse chizifika pompopompo mu Lightroom Classic, pulogalamu yokonzera zithunzi. Koma akangotanganidwa ndi kusuntha nyale kapena kukhazika bwino kasitomala, laputopu imagona, kamera n'kusiya kuoneka. Funso lawo n'lakuti, kodi chavuta n'chingwe?

Achimwene, musathamangire kukagula chingwe china. Laputopu imayamba kuwerenga mphindi kuchokera pamene munakhudza kiyibodi kapena mausi komaliza, ndipo nthawi zambiri kudina batani la kamera sikuwerengedwa. Inu muli kalikiliki, iyo ikuyesa kuti mwachokapo.

Pa Windows 11 lowani mu Settings, kenako System, kenako Power & battery, ndipo nthawi yogonera muiike pa Never. Apa chonde samalani: pali malo awiri, ena a laputopu ikakhala pa chaja, ena a ikakhala pa batire. Ambiri amakonza a pa chaja okha. Ndiye magetsi akangozima, kapena wina akapunthwa pa chingwe cha chaja, laputopu imatsatira malamulo a batire, amene amaigoneka msanga. Sinthani onse awiri. Ngati mumatseka chivundikiro pojambula, mu Control Panel, pa Power Options, muiuze kuti isachite kanthu chikatsekedwa.

Palinso china chimene chimanamiza anthu. Windows imatha kuzimitsa doko la USB palokha, laputopu ili maso, pofuna kusunga moto. Mu Power Options momwemo, pa Change advanced power settings, pezani USB selective suspend n'kuiika pa Disabled. Malaputopu ena saonetsa zimenezi. Zikatero tsegulani Device Manager, pa USB Root Hub iliyonse muchotse chizindikiro chololeza kompyuta kuizimitsa.

Kamera nayo imagona yokha. Pa Canon, zimitsani Auto power off.

Kwa a Mac, kuti laputopu isagone, lembani caffeinate -d mu pulogalamu ya Terminal, ndipo musatseke windo limenelo mpaka mutamaliza. A Windows amene safuna kumasinthasintha zinthu angagwiritse ntchito Awake, pulogalamu yoletsa laputopu kugona, yomwe ili mu PowerToys ya Microsoft. Ine ndimaikonda chifukwa mukaweruka mumangoizimitsa, laputopu n'kubwerera mwakale.

Chingwe muchikayikire pokhapokha kamera ikamaduka sikirini ili chiyakire, makamaka mukamasuntha. Cha USB 3.0 chikapitirira mamita atatu chimayamba kuvuta, ndipo doko la pa kamera silichedwa kukhwepa. Chimangirireni ku thiraipodi (choikapo kamera cha miyendo itatu) kuti kulemera kwake kusamakoke dokolo.