Petulo wa 95 kapena kabotolo kotsukira: yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena akwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ali ndi Toyota Corolla ya injini ya 1.6 yomwe yayenda ndithu, ndipo anzawo akuwauza zosiyana. Ena akuti azimwetsa petulo wa 95 nthawi zonse chifukwa ndi woyera ndipo amatsuka injini. Ena akuti 93 ndi wokwanira, bola mwezi uliwonse azithira m'thanki kabotolo ka mankhwala otsukira. Kumapeto afunsiranso mng'ono wawo wa ku Lilongwe amene amayendetsa Sienta, kuti poti kuno petulo ndi wamtundu umodzi, iyeyo atani.

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Funso lanu landikhudza chifukwa ndikudziwa mmene ndalama ya kumeneko imapezekera movutikira, ndiponso kuti pa ndalama yomweyo pali anthu kumudzi amene akudikirapo.

Nambala ija ya pa pampu, 93 kapena 95, sinena za ukhondo wa mafuta ayi. Ndi muyeso wa octane, kutanthauza mmene petuloyo amapiririra akafinyidwa. Mu silinda, pisitoni imakwera n'kupanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo, pulagi n'kuthetheka, moto n'kufalikira bwinobwino. Petulo akakhala wosapirira mokwanira, mbali ina imadziphulikira yokha moto wa pulagi usanaifike. Mukamva injini ikulira ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda ndi giya lalikulu, n'zimenezo. Musazisokoneze ndi kunoka kumene amakaniko akuno amanena injini ikafa chifukwa chosowa oyilo, imeneyo ndi nkhani ina. Tsono 95 amapirira kuposa 93, basi. Mulibe sopo mu nambalayo.

Mwina munaona kuti mukatsikira ku Durban kapena ku Cape Town simupeza 93. Chifukwa chake ndi kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye injini yopanda turbo imakoka mpweya wochepa ndipo kupanikizika mu silinda kumachepanso. N'chifukwa chake 93 amakwanira galimoto zambiri kumeneko. Koma ya turbo imadzikankhira yokha mpweya, phiri kapena chigwa kwa iyo n'chimodzimodzi, ndipo zambiri zotere zimafuna 95. Tsegulani kachitseko ka thanki muwerenge mkati mwake, kapena muone m'buku la galimotoyo. Ngati alemba kuti 93 kapena kutsikirapo ndi wololedwa, kuthira 95 muli ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, sikukupindulirani chooneka. Ngati alemba 95, musanyengerere. Injini zamakono zili ndi sensa yomva kugogoda kuja, kompyuta n'kuchedwetsa moto kuti injini isawonongeke, koma mphamvu imatsika ndipo mafuta amatha msanga.

Nanga chimatsuka n'chiyani? Ndi mankhwala apadera amene kampani yogulitsa mafuta imathira pang'ono chabe mu petulo asanafike pa pampu. Petulo akamapsa, komanso akamauma pa chitsulo chotentha mukazimitsa injini, amasiya utoto wamatamata womwe m'kupita kwa nthawi umauma n'kukhala mwaye wolimba. Umamera pa timabowo ta ma injekita, tomwe ndi tating'ono kwambiri, ndi kumsana kwa mavavu olowetsa mpweya. Injekita yabwino imapopera mafuta ngati nkhungu. Yotsekeka theka imalavula ngati mpopi wothina, mafuta osapsa bwino, galimoto n'kumanjenjemera itaima kapena kudodoma mukaponda moto.

Dziko limene nkhaniyi anaitsata mozama ndi America. Kuyambira 1995 lamulo la kumeneko likukakamiza kuti petulo yense akhale ndi mankhwala otsukirawa. Koma makampani opanga galimoto anaona kuti mlingo wa lamulowo ndi wochepa, ndiye mu 2004 BMW, General Motors, Honda ndi Toyota anakhazikitsa muyeso wawo wotchedwa Top Tier. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: kampani ya mafuta yofuna chizindikiro chimenechi imayenera kuthira mankhwalawo mu petulo wake yense, wotchipa ndi wodula yemwe. Mu 2016 bungwe la oyendetsa galimoto la AAA linayesetsa mafuta osiyanasiyana mu injini kwa mtunda wofanana ndi mamailosi 4,000, ndipo linapeza kuti petulo wosakwana muyesowo anasiya mwaye wochuluka kuwirikiza ka 19. Chinasiyanitsa chinali mankhwala, osati octane.

Komabe anzanu a 95 aja sakunama kotheratu, ndipo ndikufuna ndiwachitire chilungamo. Makampani ena amasungiradi mankhwala awo amphamvu mu petulo wodula. Abale athu a ku Britain akudziwa Shell V-Power ndi BP Ultimate. Kumeneko petulo wamba ndi 95, ndipo kuyambira Seputembala 2021 ndi wa E10, kutanthauza wosakaniza ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100, pamene wodulayo ndi 97 kapena kuposerapo. Amene amagula wodulayo amapezadi zotsukira zambiri, koma akulipiranso octane amene mwina galimoto yake sikumufuna.

Kwanuko muli ndi mwayi umene ambiri sauona. Mtengo wa petulo pa pampu ku South Africa amaika ndi boma, ndipo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi. M'dera limodzi, 93 ndi mtengo umodzi kaya mwaima pa kampani iti. Poti sangapikisane pa mtengo, makampani akuluakulu amapikisana pa mankhwala awo ndi kalandiridwe ka makasitomala. Ndiye kusankha filing'i ya dzina lodziwika, yomwe pamadutsa galimoto zambiri ndipo mafuta sagonera m'mathanki, sikukudyerani ngakhale senti yowonjezera.

Tibwere ku kabotolo. Timabotolo tili mbwee m'masitolo a zipangizo za galimoto, ndipo sitifanana. Tina ndi mafuta opepuka chabe onunkhira mwamphamvu, ogulitsidwa ndi chithunzi chokongola. Tina timagwiradi ntchito. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, mufufuze mawu akuti PEA kapena polyetheramine. Mankhwala amenewa sapsa msanga, ndiye amatha kusungunula mwaye wakale ngakhale pa malo otentha kwambiri. Techron wa kampani ya Chevron ndi wa mtundu umenewu. Kabotolo kotere kali ndi mankhwala okhathamira kuposa amene ali mu petulo wa pa pampu, choncho ntchito yake ndi yochotsa zomwe zaunjikana kale. Petulo wabwino ntchito yake ndi yoletsa kuti zisaunjikane. Munthu amene akumwetsa pa malo abwino safunika kabotolo mwezi ndi mwezi. Ine ndimathira kamodzi ndikatsala pang'ono kusintha oyilo, chifukwa pang'ono pa mankhwalawo pamatsikira mu oyilo ndipo ndimafuna atuluke ndi wakaleyo. Thirani thanki isanadzazidwe kuti asakanikirane bwino, ndipo tsatirani mlingo wolembedwa. Mabotolo awiri nthawi imodzi satsuka kawiri.

Musasokoneze kabotolo kotsukira ndi ka octane booster, mankhwala okweza octane. Ena mwa amenewo ali ndi manganese, amene amasiya utoto wofiirira pa mapulagi ndipo angathe kuwononga catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi choyeretsa utsi. Zothira palafini, thinazi kapena oyilo wa giyabokosi m'thanki, zija amalangizana m'magalaja ena a pansi pa mtengo, chonde musayese.

Pali injini zina zimene ngakhale petulo wabwino chotani kapena kabotolo kodula chotani sizifika pa mavavu ake. Mu injini ngati ya Corolla yanuyo, injekita imapopera mafuta m'njira ya mpweya, mafutawo n'kusambitsa msana wa vavu asanalowe mu silinda. Koma mu injini za direct injection, mafuta amapoperedwa mwachindunji mu silinda, vavu osanyowa n'komwe. Mitsubishi inayamba kugulitsa zotere mu 1996 ndi dzina la GDI, ndipo amene anakhalapo ndi Pajero iO akudziwa mavuto ake. Toyota nayo ili ndi D-4 yomwe ili mu Noah ndi Voxy zina zakale zochokera ku Japan, ndipo Polo ndi Golf za TSI zodzaza m'misewu ya kwanuko ndi zomwezo. Nthunzi ya oyilo imamatirira kumsana kwa mavavu, n'kuuma chaka ndi chaka. Kabotolo kathandiza ma injekita okha. Mavavuwo amafuna makaniko atsegule n'kupala, ndipo magalaja a zida amawombera ndi makoko operapera a mtedza wa walnut. Ndikunena izi kuti tsiku lina mukadzasintha galimoto musadzataye ndalama pa mabotolo mukulimbana ndi vuto limene botolo silifikapo.

Tsopano za mng'ono wanu. Kuno ku Malawi bungwe loona za mafuta la MERA likamalengeza mitengo limatchula petulo, dizilo ndi palafini, ndiye za 93 ndi 95 iye sizimukhudza. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene Ethanol Company ya ku Dwangwa yakhala ikupanga kuyambira 1982, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inalowapo mu 2004. Ethanol amakweza octane, koma amakokanso chinyezi, moti galimoto yoimikidwa miyezi yambiri ndi mafuta ochepa m'thanki imatha kuvuta podzailiza. Chimene chimapha mapampu ndi ma injekita kuno kwenikweni ndi fumbi ndi madzi, makamaka mafuta akasowa anthu n'kuyamba kugula a m'zigubu.

Zinandionekera ine. Nthawi ina mafuta atasowa ndinali ndi ulendo wa maliro umene sindikanaulephera, ndipo ndinagula malita khumi m'chigubu m'mbali mwa msewu. Pobwerera galimoto inayamba kudukiza pa chitunda chilichonse, kenako inazima. Makaniko wanga anachotsa mpando wakumbuyo, n'kutulutsa pampu m'thanki. Kasefa ka kunsi kwake, kamene kamayenera kukhala koyera, kanali kabii ndi matope oterera. Anathira mafuta pang'ono m'botolo loonekera mkati n'kuliika pa boneti. Patapita mphindi zochepa pansi pake panadikha madzi okwana chala chimodzi chopingasa, petulo akuyandama pamwamba. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, apa palibe mankhwala, titsitse thanki titsuke." Tinatsukadi, tinasintha fyuluta, ndipo pampu inapulumuka chifukwa sindinaikakamize.

Muuzeni mng'ono wanuyo kuti akakakamizika kugula a m'chigubu, athireko pang'ono m'botolo aone ngati akulekana, awanunkhize ngati mulibe palafini, ndipo asefe ndi kansalu koyera pothira. Asazolowere kuyenda nyali ya mafuta itayaka, chifukwa pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo. Ndikudziwa kuti pa ntchito ya Sienta ndalama imabwera pang'onopang'ono ndipo kudzaza thanki n'kovuta, koma pampu yatsopano ndi masiku oima osagwira ntchito zimadula kuposa pamenepo. Kwa iyeyo kabotolo ka PEA kamodzi pakanthawi kali ndi phindu kuposa kwa inu, chifukwa galimoto yoima n'kunyamuka tsiku lonse m'tauni imaunjika mwaye msanga. Mukamabwera pa Khirisimasi mutha kumutengerako kamodzi kapena tiwiri.

Za Corolla yanu, ikanakhala yanga ndikanawerenga kachitseko ka thanki lero lomwe. Ngati 93 ndi wololedwa, ndikanamwetsa ameneyo pa filing'i imodzi yodalirika, n'kuthira 95 pokhapokha potsikira kunyanja. Poti yayenda kale mtunda wautali, ndikanathira kabotolo kamodzi ka PEA oyilo asanasinthidwe, n'kuyenda nayo ulendo wautali pa msewu waukulu wa N1 kuti injini itenthe bwino mpaka thankiyo ithe. Ikapitirizabe kunjenjemera kapena kudya mafuta, musagule botolo lachiwiri. Pitani nayo aione mapulagi, fyuluta ya mpweya ndi ma koyilo, aike pa kompyuta, ndipo ngati vuto ndi ma injekita awachotse akawatsukire pa makina, komwe mudzaona ndi maso anu mmene iliyonse ikupoperera.