Hotelo ya gofu kuno kuchigwa: alamu anu ayambe awerengera madzi

Achemwali, mwati alamu anu amene akhalitsa ku Johannesburg akufuna kubwerera kumudzi, adzamange hotelo yapamwamba yokhala ndi bwalo la gofu cha ku Chikwawa, ndipo mukufunsa kuti hotelo zotere zimakhala ndi chiyani, komanso ngati kuno kwathu zingatheke. Ine kwathu ndi kwa Ngabu ndipo ndagwirapo ntchito m'malo ogona alendo, ndiye ndiyankha motalikirapo chifukwa nkhaniyi yandikhudza. Yankho langa ndi lakuti hotelo itheka ndithu, koma gofu asakhale mutu wa nkhani. Akamuika patsogolo, ndalama zonse zithera mu udzu.

Amene mukuseka m'gulu muno kuti gofu ndi Chikwawa n'zosayenderana, dziwani kuti gofu wakhala akuseweredwa ku Nchalo, pakalabu ya kampani ya shuga, kwa zaka zambiri. Kungoti bwalo limenelo lili pakati pa minda ya nzimbe, pamalo pomwe mapampu ndi ngalande za madzi a mu Shire zidakhazikika kale kuchokera m'ma 1960, nthawi imene kampaniyo inkatchedwa SUCOMA. Kalabuyo idapeza madzi ali pakhomo. Alamu anu adzayenera kuwasaka okha.

Tsono hotelo zimene adaziona ku South Africa zija zimakhala chonchi. Mlendo akangolowa pageti amalandiridwa, katundu wake n'kumunyamulira. Zipinda zimakhala zotalikirana kuti wina asamve za mnzake, chilichonse chili ndi bafa yake, makina oziziritsa mpweya, intaneti, ndi khonde loyang'ana kubwalo kapena kumtsinje. Pamakhala dziwe losambiramo, malo olimbitsira thupi, spa komwe anthu amakatikitidwa thupi, malo odyera, bala, holo ya misonkhano ndi maukwati, penanso mabwalo a tennis ndi poseweretsa ana. Mbali ya gofu ili ndi nyumba yakeyake yosinthira zovala ndi kupumulirako, kasitolo kogulitsa mipira ndi ndodo, malo ophunzirira kumenya mpira, ndi timagalimoto ta batire tonyamula osewera. Zonsezi munthu wandalama atha kumanga pachaka chimodzi kapena ziwiri. Chovuta ndi bwalo.

Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, ndipo limadya malo osachepera mahekitala 50. Munthu akasewera onsewo amatha maola anayi kapena kuposa, akuyenda mtunda wopitirira makilomita 6, chikwama chake chili ndi ndodo zosaposa 14. Pamene pali dzenje pamakhala kabwalo kosalala kotchedwa green, ndipo mtima wa wosewera umakhala pamenepa. Udzu wake umametedwa m'mawa uliwonse mpaka kutsala mamilimita 3 kapena 4 okha, ndi makina apadera amene mipeni yake imafuna kunoledwa pafupipafupi. Kusanache, antchito amakhala ali kale pabwalo, wina akukokolola mame, wina akusalaza mchenga ndi chokokolera m'mabanka (maenje a mchenga okola mpira), wina akuboola dzenje latsopano n'kutseka ladzulo ndi chibuma cha udzu chomwe wachotsacho, kuti malo amodzi asaperepeseke ndi mapazi. Pansi pa green pamayalidwa mchenga ndi miyala kuti madzi asadikhe, choncho amauma msanga. Ikangosowa madzi masiku ochepa a October, imapsa, ndipo kuidzutsanso ndi ntchito ya miyezi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Madzi a milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Tiyerekeze kuti m'nyengo yotentha udzu ukufuna mamilimita 6 patsiku, ndiye kuti hekitala iliyonse ikumwa malita 60,000. Alamu anu atati azithirira mahekitala 20 okha, kusiya kwina konse kuli tchire, akufunika malita 1,200,000 tsiku lililonse. Amenewo ndi migolo 6,000 ya malita 200, ndipo sitinawerengere dziwe losambiramo, kochapira zovala, kukhitchini ndi m'mabafa. Kuno mvula ikasiya mu March kapena April timaidikira mpaka November kapena December, ndiye miyezi yonseyo pampu siipuma. Ku Thyolo ndi ku Mulanje udzu umathandizidwa ndi mvula yambiri ndi chiperoni, pamene ife chiperoni timangochionera m'mapiri.

Wina anena kuti angokumba zitsime. Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti mijigo yambiri ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere, ena oti sopo sachita nawo thovu. Madzi otere ukamathirira nawo udzu tsiku ndi tsiku, mchere umatsalira m'nthaka, pamwamba n'kuyera mbuu, udzu n'kuyamba kufa zigambazigamba. Kapinga wathuyu amapirira dzuwa ndi mchere kuposa udzu wambiri, ndipo mitundu yake ndi imene amadzala m'mabwalo a gofu a m'maiko otentha, komabe naye ali ndi polekezera. Kutunga mu Shire kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo chitukuko chachikulu chotere chimayenera kuunikidwa kaye ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, pa za chilengedwe ndi anthu ozungulira. Za ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira asaidalire. Imeneyo cholinga chake ndi kuthirira minda ya mahekitala oposa 40,000, ndipo ine sindingakondwe kuona madzi amene alimi awadikira nthawi yaitali akukathirira udzu wosewererapo mpira, anthu a mudzi woyandikana nawo akukumba nyika m'dambo chifukwa cha njala.

Kenaka kutentha. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pamene chigwa chathu chimatsika mpaka mamita osakwana 50 kumalire a Nsanje. Mumadziwa momwe mpweya umasinthira mukamatsika mapiri kulowera pa Thabwa. Mu October ndi November kuno kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Palibe mlendo amene angalipire ndalama zambiri kuti ayende maola anayi padzuwa limenelo. Miyezi imeneyo gofu ndi wa mbandakucha, pofika 9 koloko aliyense wathawira pamthunzi. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August basi. Ndiye bwalo likhala likudya ndalama miyezi 12, likubweza miyezi inayi.

Nkhani ya malo omangapo ndiyo ndikupemphani muwauze mosabisa. Munthu amene wakhala kunja amakopeka ndi gombe la Shire, chifukwa mu July pamakongola zedi, mvuu zikulira madzulo, migwalangwa itandanda, mapiri a Thyolo akuonekera kutsidya. Koma tidaona madzi a mu January 2015, tidaonanso a anamondwe, a Idai mu 2019, a Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023. Mtsinje wa Mwanza ndi timitsinje tina touma m'chilimwe timadzuka usiku umodzi n'kudula msewu wa M1. Afunse akuluakulu a pamalopo kuti madzi adalekezera pati, aone zizindikiro za matope pamakoma ndi pamitengo, ndipo amange kumtunda, chakumadzulo komwe nthaka yakwera. Mvuu nazo zimatuluka usiku kudzadya msipu, ndipo udzu wothiriridwa bwino pafupi ndi mtsinje siziusiya. Maiwe okongoletsa bwalo amaitana ng'ona ndi udzudzu. Namondwe Ana uja adaononganso damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Hotelo ya kuno ikazimiridwa magetsi usiku wa November, alendo sagona ndipo nyama mufiriji imaonongeka, choncho sola yamphamvu, mabatire ndi jenereta zikhale m'bajeti kuyambira tsiku loyamba.

Palinso eni nthaka. Mahekitala 50 kuno si tchire lopanda mwini. Muli madimba, muli msipu wa ng'ombe, muli njira zopita kumadzi, muli manda. Nkhani za malo a nzimbe zidasiya mabala m'midzi ina, ndipo anthu sadaiwale. Kugwirizana ndi nyakwawa kuseri, anthu n'kungodzidzimuka mpanda ukuzikidwa, ndi kuputa mkangano umene udzafike kwa ana ake. Adutse kwa amfumu, kwa gogo chalo, ku khonsolo ndi ku unduna wa za malo monga lamulo likunenera, koma koposa zonse akhale pansi ndi mabanja amene amalima pamenepo, amayi akhalepo, zonse zilembedwe. Alimi a nzimbe a kopaletivu ya Phata ku Chikwawa adasonyeza kuti anthu atha kuphatikiza minda yawo, n'kukhalabe eni ake, n'kumagawana phindu. Alamu anu akhoza kuphunzirapo kanthu pamenepo, kuti eni malo akhale ndi gawo mu hoteloyo m'malo mopatsidwa ndalama kamodzi n'kutsanzikana.

Tsopano funso limene ndikadakonda adzifunse ndi ili: mlendo amatsikiranji kuchigwa? Wofuna gofu pamalo ozizira ali nako kale kopita. Ku Bvumbwe, pamsewu wa ku Thyolo, kuli Game Haven yokhala ndi bwalo la maenje 9 ndi nyama zoyendayenda, ku Blantyre ndi ku Limbe kuli makalabu akale, ku Lilongwe kuli bwalo la maenje 18. Osewera gofu m'Malawi muno ngochepa, ndipo ambiri ali ndi makalabu awo. Chimene ife tili nacho, chomwe kumtunda alibe, ndi Majete. Pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linkayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003, nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba. Adabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, ndipo lero munthu amachoka ku Blantyre m'mawa n'kukaona njovu asanadye nkhomaliro. Pafupi pomwepo pali mathithi a Kapichira, amene adatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859. Kuli Lengwe ndi nyala zake, kuli Mwabvi ku Nsanje, kuli dambo la Elephant Marsh lomwe lidalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, komwe okonda mbalame amatha tsiku lonse ali m'bwato. Kuli Khulubvi ndi mbiri ya Mbona, ngakhale kumeneko si kongolowa ngati pamsika, kuli miyambo yake yoyenera kulemekezedwa.

Malo ogona a mkati mwa Majete monga Thawale ndi Mkulumadzi ali ndi zipinda zochepa, ndipo adamangidwira oona nyama. Chimene ndimaona kuti chikusowa ndi hotelo yabwino kunja kwa mpanda, yoti banja la ku Blantyre libwere Lachisanu ndi ana, bungwe lichititse msonkhano wa masiku atatu, ukwati wa mwana wa kuno uchitikire kwawo m'malo mokwera mapiri kukasaka holo. Mabungwe ogwira ntchito m'Chikwawa ndi Nsanje ngambiri, ndipo antchito awo amafuna pogona pabwino chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Ndalama ya tsiku ndi tsiku ili pamenepo.

Ndikadakhala ine, ndikadayamba ndi zipinda zochepa zomangidwa moganizira kutentha, denga lalitali, khonde lalikulu, mawindo a sefa, neti pabedi lililonse, milambe ndi bwemba zopezeka pamalopo osazidula. Dziwe losambiramo likhale lalikulu ndi la mthunzi, chifukwa kuno limenelo ndilo lidzakoke anthu kuposa china chilichonse. Holo ikhale ndi magetsi odalirika. Kukhitchini asachite manyazi ndi zakwathu. Nyama ya ng'ombe ndi mbuzi ya kuchigwa imadziwika dziko lonse, makakana ndi mlamba zilipo, nsima ya mapira kapena ya mchewere mlendo sangaipeze m'tauni, ndipo madzi a malambe kapena a bwemba ozizira bwino amaposa zakumwa za m'botolo.

Gofu abwere pambuyo, ndiponso pang'onopang'ono. Ayambe ndi malo ophunzirira kumenya mpira ndi green imodzi yabwino, yothiriridwa ndi madzi ochokera m'mabafa atasefedwa. Akaona kuti anthu akufuna, awonjezere maenje afupiafupi mpaka 9, azithirira poyambira ndi pa green pokha, pakati ponse pazikhala momwe nyengo yapasiyira. Mabwalo ena m'maiko ouma sadzala n'komwe udzu padzenje, amasalaza mchenga, ndipo anthu amasewera bwinobwino. Alendo ofunitsitsa gofu akhozanso kuwakonzera ulendo wa ku Nchalo atagwirizana ndi a kalabu.

Chinanso chimene ndingamupemphe ndi cha ana athu. Ntchito za m'hotelo zisakhale zoti a kuno ndi olima udzu ndi alonda okha, maofesi onse n'kudzaza anthu ochokera kutali. Atenge achinyamata a m'midzi yozungulira hotelo isanatsegulidwe, awatumize kukaphunzira kuphika, kulandira alendo ndi kukonza mapampu ndi sola. Osewera gofu ambiri aluso mu Africa muno adayamba ngati ma caddie, onyamula zikwama za ena, ndiye anyamata ndi atsikana onyamula zikwamawo azipatsidwa tsiku lawo losewera, koma isakhale ntchito yowachotsa m'kalasi.

Muwauze alamuwo kuti asalipire kalikonse asanabwere okha kudzaona malowo mu November dzuwa lili pamutu, n'kudzabweranso mu February madzi ali m'madambo. Atunge madzi a pamjigo wapafupi ndi a pachitsime choyesera akawapimitse mchere ku labotale, zotsatira zake azipereke kwa katswiri wa ulimi wothirira asanaitane wojambula mapulani.