Ku Senga Bay ndi ana masiku atatu: zilumba zoti mupiteko, ndipo ku Nkhotakota mufikeko kapena ayi

Mayi, mwafunsa zoti mukufuna kuchoka ku Lilongwe ndi bambo a kunyumba ndi ana atatu kukakhala ku Senga Bay masiku atatu, ndipo mukufuna kudziwa ngati zilumba zimene zimaoneka uli pagombe munthu angafikepo, komanso ngati kupitirira mpaka ku Nkhotakota n'kwaphindu. Ine ndine wa konkuno ku Salima, ndiye ndikuyankhani motalikirapo, chifukwa ambiri amene akuyankhani pamwambapa angotchula mayina a malo ogona basi.

Choyamba chimene ndikupempheni n'chakuti ndondomeko ya ulendo wanu muyikonze motsatira nyanja, osati motsatira nthawi ya chakudya cha pa loji. Nyanja yathuyi m'mamawa imakhala bata, koma dzuwa likakwera mphepo imayamba. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera, ndipo ukalimba ngakhale asodzi amene anabadwira m'bwato amakokera mabwato awo kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. Ndiye ulendo uliwonse wa pa boti muupange kum'mawa, mubwereko dzuwa lisanafike paliwombo. Mwini boti akakuuzani kuti lero nyanja siili bwino, musamukakamize pomuwonjezera ndalama. Ndipo musakwere, inu kapena mwana, popanda jekete ija yoyandamitsa munthu m'madzi. Funsani musanalipire ngati ali ndi zazing'ono zokwana ana, chifukwa ambiri amasunga za akuluakulu zokha, ndipo mwana akavala yaikulu imamuvuka akangogwera m'madzi. Pa nkhani iyi yokha sindinyengerera munthu.

Chilumba chimene mudzachione pafupi, moyang'anana ndi gombe, ndi Namalenje, chimene azungu amachitchula kuti Lizard Island chifukwa cha ang'azi amene amawothera dzuwa pamiyala yake. N'chaching'ono, chamiyala, ndipo kufikapo sikutenga nthawi. Ana amasangalala nacho chifukwa amaona ang'azi, mbalame zambirimbiri zodya nsomba, ndipo nthawi zina nkhwazi ikutsika kudzawakha nsomba pamadzi. Dziwiranitu kuti pamanunkha zitosi za mbalame, ndipo miyala yake imaterera, choncho ana avale nsapato zogwira bwino osati mapatapata. Ngati muli ndi m'mawa umodzi wokha wa pa boti ndipo ndalama ndi yochepa, Namalenje ikukwanirani.

Koma ngati thumba likulola, pitani ku zilumba za Maleri, kummwera kwa Senga Bay. Zilipo zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zimenezi zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaivomereza mu 1984 kukhala malo ofunika pa dziko lonse. Anthu ambiri amaganiza kuti pakiyi ili ku Cape Maclear kokha, osadziwa kuti chigawo chake china tili nacho kuno. Lamulo limaletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumbazi, n'chifukwa chake mbuna zimachuluka. Mbuna ndi tinsomba tating'ono tija tamitundu yowala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene timakhala m'miyala n'kumadya ndere. Zodabwitsa zake n'zakuti sizikonda kuwoloka madzi akuya kapena malo a mchenga wokhawokha, ndiye gulu lililonse limakhala pa miyala yake mibadwomibadwo mpaka kusiyana maonekedwe ndi anzake a chilumba china. Ndiye chimene mwana wanu adzaone pa Nankoma atavala galasi loonera pansi pa madzi, mwina sangachione pena paliponse. Mwana wa Fomu 2 amene mwamutchula uja akaona zimenezi ndi maso ake, phunziro la Biology lidzayamba kumveka. Pa Nankoma pali loji, ndipo kumeneko mumayamba mwapangana nawo musanapite. Pali ndalama yolowera m'paki, ndipo ya Amalawi imakhala yotsikirapo kuposa ya alendo akunja, choncho tengani ziphaso zanu za unzika.

Tsono za Mbenji, poti wina wakuuzani kuti mukafikeko. Mayi, kumeneko si malo okaona ndi banja, ndipo inuyo simungaloledwe kutsikapo. Chilumba cha Mbenji chili m'manja mwa mfumu yaikulu Makanjira, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akuchiyang'anira ndi malamulo awoawo. Akazi safikapo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala, chilumba chimatsekedwa, asodzi onse amachokapo, ndipo chimadzatsegulidwa cha mu Epulo ndi mwambo. Anthu amatsutsana pa lamulo loletsa akazilo, ndipo ine ndimamvetsa amene amadandaula nalo, makamaka amayi ogula ndi kugulitsa nsomba amene amadikira kumtunda. Koma pa nkhani yotseka nyanja, Mbenji yachita zimene madoko ambiri alephera: nsomba zimapeza mpata woswana, ndipo utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake. Ngati mukufuna kuti ana amve za malowa, pitani ku doko la Chikombe kumene maboti a ku Mbenji amakocheza. Mukafika perekani moni, funsani musanajambule munthu, ndipo mugule nsomba. Asodzi amafotokoza bwino kwambiri akaona kuti mwabwera ndi ulemu.

Madzulo a tsiku limene mphepo yavuta, pitani ku Kuti Wildlife Reserve, pafupi ndi boma la Salima. Kulibe mikango kapena njovu, ndiye munthu amaloledwa kuyenda wapansi ngakhale kupalasa njinga, n'kumaona mbidzi, mphalapala, nswala ndi apusi. Kwa ana aang'ono n'kwabwino kuposa paki yaikulu kumene amangokhala m'galimoto. Ku Kambiri Point kuli malo amene anayambitsa malemu Stuart Grant osungirako nsomba za m'nyanja zotumiza kunja, ndipo mwana amene akuopa kumiza nkhope m'madzi akhoza kukaonera mbuna m'matanki kumeneko. Yambani mwafunsa ngati akulandira alendo tsikulo. Msika wa ziboliboli uli m'mbali mwa msewu wopita ku gombe. Nenererani mtengo, inde, koma musamufinye munthu amene wasema mtengo sabata yathunthu.

Zosambira ndinene mosabisa. Likodzo lilipo m'nyanjamu, makamaka m'malo a bango ndi madzi odekha pafupi ndi midzi, kumene nkhono zofalitsa matendawa zimaswana. Sambani pamalo a mchenga woyera pamene mafunde amamenya, ndipo pakatha masabata angapo mutabwerera kwanu mukayezetse ku chipatala, mankhwala ake alipo. Musasambire pafupi ndi mathiriro a mitsinje kapena usiku, chifukwa ng'ona ndi mvuu zimakonda kumeneko. Ku dambo la Mpatsanjoka, pafupi pomwepa, kumadziwika ndi mvuu. Masikito onetsetsani kuti alipo pa bedi lililonse, udzudzu wa kunyanja si wamasewera.

Tsopano Nkhotakota. Maganizo anga ndi akuti ngati masiku ndi atatu okha ndipo mukufunitsitsa zilumba, musathamangireko kungoti mwafika. Kuchokera pa Salima ndi mtunda wopitirira makilomita 100 pa msewu wa M5, ndipo nyengo ya mvula milatho ya msewu umenewu imavuta, ndiye funsani madalaivala a maminibasi za mmene ulili musananyamuke. Koma mukatha kuwonjezera tsiku limodzi n'kukagona konko, pitani, chifukwa kumeneko kuli zimene Senga Bay ilibe.

Tauni ya Nkhotakota ili ndi mbiri yolemera ndiponso yowawa. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika kumeneko n'kukhala Jumbe (dzina la udindo la mafumu achiswahili a kumeneko) woyamba, ndipo dokolo linasanduka msika waukulu wa akapolo ndi minyanga ya njovu. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawolotsedwa nyanja pa zombo kupita tsidya lija, kenako n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, ku gombe la Indian Ocean. David Livingstone anafikako mu 1861 ndipo anabweranso mu 1863, nakambirana ndi Jumbe pofuna kuti malondawo athe, koma sanathe nthawi imeneyo. Anadzatha m'zaka za m'ma 1890. Mkuyu umene anthu amati anakumaniranapo ulipobe pa mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Pa mishoni yomweyo pali tchalitchi chakale cha All Saints, kumene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanjayi mu 1895, yemwe dzina lake linadzapatsidwa sitima ina ya panyanjayi. Ana athu amaloweza mayina amenewa pokonzekera mayeso, koma kuima pansi pa mtengowo n'kuyang'ana kunyanja kumene agogo a anthu ena anawolokera osabwereranso, n'chinthu china. Muwapatse nthawi, musawathamangitse kuti akwere galimoto. Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zimene mudzazione kumeneko zinazika mizu m'nthawi ya a Jumbe omwewo, ndipo mpunga mugule, simudzanong'oneza bondo. Polowa m'madera a mizikiti ndi m'misika, chitenje chikhale pafupi. Zovala zosambira zithere pagombe.

Nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Nyama zinali zitatha ndi opha mozembera, koma kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks likuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Musayembekezere kuona nyama ponseponse ngati ku Liwonde, chifukwa kuno ndi thengo la mitengo yothithikana ndi mapiri, ndipo njovu ikhoza kukhala pafupi inu osaiona. Kukoma kwake ndi mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana, ndiponso kuyenda wapansi ndi mlonda wa nyama amene amakuwerengerani mapazi a nyama panjira. Funsani za msinkhu wa ana amene amaloledwa pa ulendo wapansiwo. Kuli kashembe, ntchentche zija zoluma zimene zimafalitsa kaodzera, ndiye valani zovala zazitali zotuwira, mupewe zakuda ndi zabuluu poti zimakopeka nazo, ndipo wina akadzayamba kutentha thupi mutabwerako mukawauze a chipatala kuti munali kumeneko.

Pobwerera imani pa Chia, pamene thamanda lalikulu lija limalumikizana ndi nyanja pansi pa mlatho. Amayi amagulitsa nsomba pompo, ndipo chambo kapena kampango wa pamenepo amakhala wa tsiku lomwelo. Yang'anani makha ngati ali ofiira ndi maso ngati ali owala, ndipo ngati muli ndi bokosi la ayezi ikanimo, chifukwa kutentha kwa kunyanja nsomba yomangirira pa galasi la galimoto siifika bwino ku Lilongwe. Tiana ta chambo musagule ngakhale atakutsitsirani mtengo.

Mukandiuza mwezi umene mukubwera ndi zaka za ana awiri aang'onowo, ndikuuzani ngati Maleri ikuyenerani kapena mungokhala ndi Namalenje ndi Kuti.